Tony Alufandika ndi Madzi a pa Khisimisi

Kutatsala sabata imodzi kuti Khisimisi ikwane, Tony Alufandika ndiye anali munthu wodedwa kwambiri pakati pa asilikali athu makumi asanu ndi anayi amene ankasungitsa mtendere paphiri lina kum'mawa kwa dziko la Congo. Zigawenga zinali pa nambala yachiwiri.

Tony anali dalaivala wa bawuza, galimoto imene inkabweretsa madzi pakampu kuchokera kutauni. Panjira panali mlatho wa mitengo, ndipo lamulo linali lakuti dalaivala azitsika kaye n'kuuyendera wapansi asanaukweze galimoto. Tsiku limenelo Tony sanatsike. Mlatho unakhala pansi, bawuza inagona cham'mbali mumtsinje ngati ng'ombe yodwala, msewu n'kutsekeka. Palibe amene anavulala kupatula dzina la Tony.

Chimene ankathamangira chinali foni. Pakampu ponsepo netiweki inkapezeka pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu cha kuseri kwa zimbudzi, ndipo msilikali aliyense anali ndi mphindi khumi zake. Za Tony zinkayamba folo koloko, nthawi imene mkazi wake Ella ankasiya benchi lake la tomato pamsika wa Chinamwali n'kukaima poduka mphepo kuti amvane bwino.

A Kaputeni sanatalikitse mlandu. Anamulanda makiyi, n'kumuuza kuti pa 3 Januwale kukubwera ndege ndipo iye akwera, kubwerera kumudzi.

Amene simunakhalepo pafupi ndi balaki mwina muyesa kuti uwu ndi mwayi. Ku Zomba aliyense, ngakhale wa kabaza, ankadziwa kuti gululi libwera mu Meyi. Msilikali wobwera yekha nthawi isanakwane amakhala ali m'bokosi, kapena akudwala, kapena wachititsa manyazi. Tony anali wamoyo ndiponso wathanzi.

Ndipo yunifolomu imeneyi sanaitole panjira. Makolo ake anamwalira iye ali Sitandade 3. Analeredwa ndi amalume ake amene ankalima mbatata ndi masitiroberi m'mphepete mwa phiri la Zomba, cha ku Mulunguzi. Mayeso a Folomu 4 anawalemba katatu. Pakati pa mayesowo ankasenza matabwa pamutu kuchokera kwa ocheka kuphiri mpaka m'tauni, maulendo awiri patsiku, khosi n'kufupika. Ku usilikali anam'bweza katatu, kawiri chifukwa cha satifiketi, kamodzi chifukwa choonda. Anam'tenga ulendo wachinayi.

Tsopano zonsezi zinali zitagona mumtsinje limodzi ndi bawuza.

Kampu yopanda madzi si malo oimbirako nyimbo za Khisimisi. Ndege ya helikopita inkabweretsa mabotolo akumwa, awiri pamunthu patsiku. Mvula imene inavutitsa mwezi wonse inasankha sabata imeneyo kupita kutchuthi. Kusamba kunatha, kuchapa kunatha. Wophika anasiya kuphika nyemba n'kumangotsekula zitini. Kwaya imene inkayeserera madzulo aliwonse inabalalika, oimba besi atanena kuti kukhosi kwauma. Anthu amene kale ankaseka pa bawo la maenje okumba pansi anayamba kukanganirana sokosi. Nthambi ya mtengo imene anaikongoletsa ndi zivindikiro za zitini inafota pakhomo pa tenti yodyera, ndipo panalibe wofuna kuiyang'ana.

Tony akamadutsa, anthu ankangoti, "Apatseni njira a dalaivala, akuchedwa kuchulu."

Chilango chake poyembekeza ndege chinali kutunga madzi amatope kukhwawa la kumunsi ndi zigubu ziwiri, kukwera nazo phiri kasanu patsiku. Madzi ake sankakwanira ngakhale kutsukira mapoto.

Tsiku lachiwiri anakwera pachulu n'kumuuza Ella zonse. Ankayembekezera kulira. Ella anangofunsa ngati wapha munthu, ndipo atamva kuti ayi anati, "Ndiye mawu akunjenjemera chifukwa chiyani, bambo a Chiyamiko? Galimoto ilibe mayi ake oti ailire. Anzanu mwawalanda madzi, abwezereni madzi. Za ndege muzisiye, si inu woyendetsa."

Mphindi khumi zinatha Tony asanafunse kuti awabwezera bwanji.

Yankho analiona m'mawa mwake akukwera ndi zigubu. Amayi a m'mudzi wapafupi ndi kampu ankadutsa ndi zigubu zodzaza, koma sankachokera kumunsi ngati iye. Ankatsika kuchokera kumtunda. Ndiye kuti kuseri kwa phirilo, pamwamba kuposa kampu, kunali kasupe. Ndipo m'mbali monsemo munali nsungwi zonenepa ngati ntchafu ya munthu.

Amalume ake analibe mapaipi, koma dimba lawo silinkauma. Ankang'amba nsungwi pakati, kuchotsa mfundo zam'kati, kuzilumikiza pa mphanda n'kumanga ndi malegeni a chubu chakutha. Madzi ankayenda okha mpaka m'mizere. Tony anakula akudana ndi ntchito imeneyo.

Anakapempha kwa a Kaputeni. Iwo anam'yang'ana ngati munthu amene wathyola mpando n'kumapempha tebulo, koma nawonso anali asanasambe masiku atatu. Anam'patsa anthu khumi, ndipo kuti zinthu ziyende mwadongosolo anaikapo woyang'anira, a Sitafu Sajeni Herbert Namaona.

A Namaona anachitapo maphunziro a zomangamanga a masabata awiri, ndipo satifiketi yake inayenda nawo mpaka ku Congo itakutidwa mupulasitiki. Anafika ndi mapu, tepi yoyezera ndi wisulo. Analamula kuti ntchito iyambire pa thanki ya pakampu kupita kukasupe, mzere woongoka ngati wa pa perete. Tony anayesa kunena kuti kwawo amayambira kukasupe. Anamuuza kuti kuno si kudimba, ndipo munthu amene wagwetsa galimoto ya boma azichepetsa maganizo.

Anagwira tsiku lathunthu. Mzere unaongoka ndithu, woti n'kuujambula. Atalumikiza nsungwi yomaliza kukasupe, madzi anayenda mayadi makumi awiri, anafika pokwera, anaima, n'kutayikira m'mbali. A Namaona analiza wisulo. Madzi sanamve.

Madzulo a tsikulo lipoti linati nzeru ya nsungwi yalephera, ndipo mwini nzeruyo ndi yemwe uja wa bawuza. Anthu khumi aja anabwerera ku ntchito zawo ali ndi matuza m'manja ndi mawu atsopano onenera Tony.

Apa ndi pamene ambiri a ife timakhala pansi n'kuyamba kulongedza chikwama. Tony anabwereranso kwa a Kaputeni.

"Bwana, ndikupempha kuyesanso."

"Anthu ndilibe."

"Ndigwira ndekha, bwana, ndikamaliza zigubu."

"Nthawi yako yopuma ndi yako. Koma kunja kwa waya sutuluka wopanda mfuti yokuperekeza."

Amene anavomera kum'perekeza anali Kopolo Nasoro, Msilamu wa ku Domasi. Pakampupo panali chizolowezi chakuti pa Khisimisi Asilamu amatenga ulonda wonse kuti Akhristu apemphere, ndipo pa Idi Akhristu amabweza. Choncho Nasoro analibe phwando loliyembekezera. Ananena kuti sakuchita izi chifukwa chom'konda Tony, koma watopa kudziyeretsa ndi fumbi asanapemphere ngati munthu wa m'chipululu, pamene dziko lonselo ndi lobiriwira.

Tony anagwetsa mzere woongoka uja n'kuyambira kukasupe. Ankaika nsungwi imodzi, n'kudikira kuti madzi afike kumapeto kwake n'kuyamba kugwa. Pamene agwerapo ndi pamene ankazika mphanda yotsatira. Madzi akazengereza, ankasuntha nsungwi mpaka atavomera. Mzere wake unazungulira phiri mokhotakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa, ndipo unatalika kuwirikiza wa a Namaona. Nsungwi sizikanakwana.

Amayi otunga madzi anaima kumuonerera tsiku loyamba, akuseka msilikali wa chisoti cha buluu wogwada m'matope. Nasoro, amene Chiswahili chake chinali chongokwanira kugulira nthochi, anawafotokozera kuti mzerewo udutsa pamwamba pa mudzi wawo, ndipo pamenepo asiyapo potungira. Tsiku lachiwiri anabwera ndi zikwanje. Malegeni anachokera ku chubu cha tayala la bawuza yomwe ija, imene pomaliza inagwirako ntchito ya madzi.

Tony ankadzuka kusanache, kukwera ndi zigubu kasanu, kenako n'kupita kunsungwi mpaka nthawi yotseka geti. Mphindi zake zapachulu anazipereka kwa wophika posinthana ndi waya. Nsungwi zong'amba zimacheka ngati lezala, ndipo manja ake anafika poti sankathanso kumanga zingwe za jombo.

Pa 24 Disembala anatsala ndi kachigwa kamodzi kuti afike pa waya wa kampu. Dzuwa linali litapendeka. Anazika mphanda zinayi zazitali mothamanga, osazitsindira bwino. Madzi atadzaza nsungwi za pamwamba, mphanda zinapendama pang'onopang'ono, mwaulemu, n'kugwera m'chigwamo ndi nsungwi khumi.

Tony anakhala pansi. Nasoro anati, "Amwene, matenda anu ndi amodzi omwewo. Mumafika musanafike."

Pa Khisimisi m'mawa Nasoro anali pa ulonda, ndipo anapempha nsanja yoyang'ana kuchigwako kuti mfuti yake ikhale ikuperekezabe. Anzake akupita kumapemphero ndi nkhope zosasamba, Tony anali m'dzenje. Mphanda iliyonse anaikumbira mpaka m'chiuno, kuitsindira ndi miyala, n'kuikolekera thupi lake lonse asanaikhulupirire. Zinam'tengera maola asanu.

Masana asilikali anasonkhana patenti yodyera, aliyense ndi chitini chake cha nyama ndi botolo limodzi la madzi. A Namaona anaimirira kuti alankhule mawu a chilimbikitso, amene anawalemba masamba anayi. Anali pa tsamba lachiwiri, pa ndime yonena za kupirira kwa atsogoleri, pamene m'thanki yachitsulo yopanda kanthu munamveka kugogoda. Dontho, kenako lina, kenako mkokomo.

Palibe amene anadikira tsamba lachitatu.

Madzi oyamba anali ofiira, ndipo anabwera ndi mbululu ziwiri. A zachipatala anatseka thanki mpaka atathiramo mankhwala, koma osamba sanafune chilolezo cha munthu. Amuna akuluakulu a ndevu zawo anaima pamzere ndi sopo m'manja akukankhana ngati ana a sukulu. Wophika anatereka mpunga. Oimba besi anapezanso mawu. Madzulo asanafike, zingwe zonse za matenti zinali zitadzaza sokosi, ndipo pachulu anthu ankauza akwawo kuti Khisimisi yayenda bwino, osanama.

A Namaona anamaliza mawu awo tsiku lotsatira pa perete, ataonjezamo ndime yofotokoza mmene anatsogolera ntchito ya madzi kuyambira pachiyambi. N'zoona ndithu kuti pachiyambi analipo.

Za ndege palibe amene ananenapo kanthu. Tony anapitiriza kuyendera mzere wake m'mawa uliwonse, kuchotsa masamba, kumanganso pothonya. Chaka chatsopano chinam'peza atalongedza chikwama. Pa 2 Januwale a Kaputeni anamuitanitsa, pepala lake lili patebulo.

"Alufandika, mlandu wa mlatho sunafafanizike. Chiwongolero sudzachigwiranso mpaka tibwerere."

"Inde bwana."

"Nsungwi zakozi, ukachoka ndani azizisamala?"

"A Sitafu, bwana. Ali ndi satifiketi."

A Kaputeni anayang'ana kudenga la tenti kwa kanthawi, n'kupinda pepala lija kawiri.

"Ndege yamawa yadzaza. Kamasule chikwama."

Mlatho anaukonza mu Febuluwale, koma bawuza yatsopano itabwera inasowa ntchito. Tony anatsika ndege mu Meyi pamodzi ndi anzake onse, pamzere, ndipo mendulo anam'veka pachifuwa chomwecho chimene kale anachikana kuti n'choonda. Lero anapuma usilikali ali Sajeni. Anthu akafuna munthu wokoka madzi kuchokera m'phiri kupita kumadimba kapena wolumikiza mapaipi ku Chikamveka, amatumiza uthenga kwa iye, ndipo ali ndi anthu asanu ndi mmodzi amene amadya chifukwa cha ntchito imeneyo. Amachedwa kumaliza, anthu amadandaula, koma sabwereranso kukakonza.

Inu amene mukuwerenga, mwina vuto lanu silinachite kukugwerani. Mwina munalipanga nokha ndi manja anu, anthu akuona, ndipo pepala lanu lili kale patebulo la wina. Pepalalo simungalifikire. Chimene mungachifikire ndi chimene munaononga. Funsani kuti anthu munawalanda chiyani, ndipo muyambe kubweza lero, ngakhale akukusekani, ngakhale woliza wisulo adzatenge ulemu wake. Zikagwa, kumbani mozama kuposa poyamba.

Amene amakumasulitsani chikwama si amene mwamulirira bwino, koma amene waona kuti mukachoka padzauma. Musataye mtima, abale anga. Dzukani, kasupe ali kumtunda.