Mpini wa Nkhwangwa ya Atsibweni

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri, zinthu zimene anthu anabisa zinayamba kutuluka. Masiku a chipani chimodzi, kupezeka ndi nkhwangwa ya makolo, ija yaing'ono yakukamwa kotambalala, kunali kudziputira mlandu, chifukwa mnzako wanjiru akanangokanena kuti ukusunga zida. Ambiri anazitsomeka m'madenga ndi pansi pa nkhokwe. Pamene zinkatuluka zinali dzimbiri lokhalokha.

Ine ndinkakonza njinga pa Malomo, ndipo nkhwangwazi zinandilowa m'mutu. Ndinkapalasa m'mapiri a Ntchisi mpaka ku Chezi kuzifunafuna. Ndikabwera nazo ndinkazinyika mu oyilo wakuda, kuzikwecha ndi mchenga wa kumtsinje, kenako kuziika pa mipini yatsopano ya muwanga. Ndinazipachika pakhoma mondondozana, mpaka mkazi wanga ankati ndatenga mitala. Sindibisa, ndinkadzimva. Ndinkayesa kuti m'boma lonse mulibe wodziwa nkhwangwa kuposa ine.

Atsibweni anga, alongo awo a amayi, ankakhala kwa Msakambewa, ndipo maso anali atawathera. Iwo ndiwo ankasunga nkhwangwa ya mbumba yathu, imene imachoka kwa mtsibweni kupita kwa mphwake. Atamva za luso langa anandiitanitsa, naitulutsa mu chiguduli.

"Ungochotsa dzimbiri lokhali," anatero. "Ubwere nayo Loweruka, ndidzakuuze mayina a onse amene anaigwirapo. Palibenso wina akuwadziwa, ndipo mutu wangawu wayamba kudontha."

Ndinavomera, koma maso anga anali kale pa mpini. Unali wofumbwa, wakuda ndi utsi, wong'aluka kumutu, ndipo mbali imodzi unali ndi timipata tosemasema, tina takuya, tina topingasa. Ndinati ndi ana osowa chochita amene ankayeserapo mipeni. Zinandichititsa manyazi kuti nkhwangwa za eni zikuwala pakhoma panga, pamene yathu yeniyeni ili ngati chikuni.

Ndinagulula chitsulocho, n'kuchikwecha masiku awiri. Ndinasema mpini wabwino koposa yonse imene ndinasemapo. Poika mpini timawotcha msuka, mchira wa chitsulo uja, mpaka ufiire, ndiye n'kuulowetsa mu mtengo. Makala anandichepera tsiku limenelo. Ndinathyola mpini wakalewo pabondo n'kusonkhezera moto, ndipo unayaka bwino kwambiri poti unali wouma.

Loweruka ndinawapeza atakhala pakhonde akusenda mtedza, dzuwa lili paliwombo. Ndinagwada n'kuwapatsa nkhwangwayo ndi manja awiri, mtima uli dyokodyoko kudikira chiyamiko. Anaigwira. Chala chawo chachikulu chinatsika ndi mpiniwo pang'onopang'ono, chinakweranso, chinazungulira mbali ina.

"Iyi ndi ya yani?"

"Ndi yanu, atsibweni. Ndakuikirani mpini watsopano, wakale uja unali utatha."

"Uli kuti wakalewo?"

Ndikanatha kunama, koma ndinanena zoona. "Ndinawotchera msuka."

Sanakalipe, ndipo ndimalakalaka akanandikalipira. Anangoti aliyense wolandira nkhwangwayo ankasema kampata kake, kosiyana ndi ka mnzake. Iwo anaphunzira mayinawo ali mnyamata, chala chili pa mpini: chala chikagwa m'kampata, dzina linkabwera lokha pakamwa. Popanda mpini sanawatchulepo chiyambire.

Anayesa ndithu. Anatchula amene anawasiyira nkhwangwayo, ndi wam'mbuyo mwake, ndi wina, ndi wachinayi amene anabwera ndi mbumba kuchokera kutsidya kwa Bua. Apo anaima. Chala chinkangoterereka pa muwanga wosalala uja. Anayambiranso kawiri, ndipo kawiri konse anathera pa munthu yemweyo.

"Ena aja anapsa," anatero, nabwerera ku mtedza wawo.

Sabata yotsatira ndinasema timipata pa kamtengo kena, monga mmene ndinkakumbukirira, ndipo ndinapalasa ulendo wonse uja kukawapatsa. Anakapapasa pang'ono n'kundibwezera. "Awa ndi mabala a mpeni wako, mphwanga. Mulibe munthu umu."

Ndinafunsa amayi, ndinafunsa okalamba onse a mbumba yathu. Aliyense ankati zimenezo amadziwa ndi atsibweni ako. Atsibweniwo anamwalira mvula ya chaka chomwecho isanathe, ndipo nkhwangwa inabwera kwa ine, monga mwa mwambo.

Nkhwangwa zina zija ndinazibweza kwa eni ake, ndipo pobweza ndinkachita mantha kufunsa ngati mipini yawo yakale inali ndi timipata. Yathu ili mu chiguduli chomwe chija. Mayina anayi aja ndinawalemba kuchikuto cha buku la nyimbo za kutchalitchi. Pa mwambo wake ndinayenera kusema kampata kanga tsiku limene ndinailandira. Mpeni ndinautenga kangapo, koma sindidziwa kuti ndine wachingati, ndipo mpiniwo udakali wosalala mpaka lero.