Galimoto Imene Ndinaitcha Bokosi

Ndikukumbukira kuti woyamba kundiuza anali Mai a Tendai, amene ankagulitsa tomato pafupi ndi kwathu ku Chipadze. "Thamanga iwe Esinati, bambo ako abwera ndi galimoto yopanda denga!" Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi.

Inali yofiira, yakalekale, ya mipando iwiri yokha, yotsika ngati yagona chafufumimba. Mzungu wina wa ku mgodi kumene ababa ankakonza makina anawasiyira pochoka m'dziko muno. Ikalira, agalu a mzere wonse ankauwa. Ababa, amene anzawo, eni dziko lino, ankawaseka kuti Amalawi obwerafe tilibe mudzi, anayamba kuyenda monyadira. Ine mtima sunkakhala m'malo. Kusukulu ndinkangoganiza za Lamlungu, pakuti ankatitenga mmodzimmodzi kupita ku tchalitchi, maulendo anayi, ndipo womaliza ankafika nyimbo zitatha.

Amalume anga, alongo awo a amayi, anali ndi yatsopano yotuwa, ya zitseko zinayi, yoyenda mwakachetechete, yosadya mafuta ambiri m'zaka zija mafuta ankasowa. Akakumana ndi ababa, nkhani inali imodzi.

"Alamu, kanjinga kanuka mukwezamo ndani? Banja lonseli?"

"Yanga ikanyamuka, alamu, yanu imadya fumbi."

Tsiku lina ndinalowerera nkhani ya akuluakulu, ndikufuna kukondweretsa ababa. "Amalume, yanuyo ikungooneka ngati bokosi."

Ine ndinkanena bokosi la sopo, Mulungu ndi mboni. Koma m'khutu la munthu wamkulu, bokosi ndi la maliro. Amalume anasamba m'manja, nati, "Mwana wandilosera imfa," nanyamuka chakudya chili pambale. Milungu itatu sanaponde pakhomo pathu.

Nthawi imeneyo amayi anali oyembekezera. Matenda anawayamba masana, mvula ikukhuthuka. Ababa anakoka kansalu kadenga, koma kankadontha. Amayi anayesa kutsikira pampando uja, mimba inakana. Azakhali, alongo awo a ababa, anagwira m'chiuno.

"Mayi wodwala sapita kuchipatala ndi mwamuna yekha. Ine ndikhala pati, pa matayala?"

Kombi, minibasi ya kuno, sinaoneke ngakhale imodzi. Ababa anazungulira galimoto yawo kawiri, kenaka anandiyang'ana. "Unamanga ndiwe. Pita ukamasule."

Ndinathamanga osavala nsapato, ndikupemphera mokweza ngati wamisala. Amalume sanandifunse kanthu. Atangomva kuti ndi mlongo wawo, anatola makiyi, ndipo posakhalitsa tinali pakhomo. Ndinati zatha. Koma amayi, atafika pachitseko cha galimoto, anaima nji, thukuta ndi mvula zikutsikira pamodzi.

"Sindilowa m'bokosi ndili ndi mwana m'mimba."

"Mlamu, lowani, nthawi ikutha!" anatero azakhali.

"Ndati sindilowa."

Amalume anandigwira phewa. "Bweza mawu ako, mwana wa mlongo wanga. Ipatse dzina lina. Msanga."

Ndinagwada m'matope, mutu uli mbee. Amayi ankabuula atagwira chitseko. Pamenepo maso anga anagwa pa chikwama cha azakhali, pomwe pankaonekera nsalu yatsopano yoberekera khanda.

"Si bokosi ayi," ndinatero ndikulira. "Ndi mbereko. Ndi mbereko, amalume, imabereka tonse."

Amayi anaseka, ululu uli pomwepo, nalowa. Azakhali anakhala nawo kumbuyo atawagwirira msana, ine kutsogolo ndi chikwama. Nditacheuka ndinaona ababa akutitsatira ndi yofiira ija, atanyowa mpaka m'kati, mpando wa pambali pawo uli wopanda munthu. Tsiku limenelo fumbi sanadyetse aliyense.

Mlongo wanga Madalitso anabadwa dzuwa lisanalowe.

Yofiira ija ababa sanaigulitse. Ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikiramo mazira, ndipo adzukulu amakangana za amene akhale pachiwongolero. Ine tsopano ndili ndi ana atatu. Ndikawamva akupatsa chinthu cha mwini dzina lonyoza, ndimawaitana pomwepo, chifukwa ndinaona ndi maso anga mawu a mwana akutseka chitseko chimene chinali chotsegula.

Amalume akalamba, maso afooka, sayendetsanso. Madalitso uja chaka chino wayamba kutsika pansi pa mgodi, ndipo ine sindikhazikika mpaka nditamva kuti watuluka. Inu amene mwawerenga izi, mukagwada, mutikumbukireko ife a banja lino, mumutchule dzina mwana amene anapita kukabadwa ali mu mbereko ya amalume.