Matabwa Anayi a Galimoto ya Mayi Josephine

Chaka chimene mwera unaphwanya boti lake, Onani anatsala ndi sowo, pulena ndi malaya a m'thupi. Kuchikamwini anamupirira miyezi itatu. Kenako apongozi anamuikira chikwama pakhonde, mkazi wake Zione n'kutsala m'nyumba ndi ana awiri.

Anakakhala pa Mtakataka, n'kumamata machubu a njinga za kabaza pansi pa mtengo wa mango. Mmisiri wokhoma maboti anasanduka "a Machubu". Ankavomera, nanga akanatani?

Tsiku lina Mayi Josephine, mphunzitsi wopuma wa ku Golomoti, anaima pamthunzipo akudandaula. Malemu amuna awo anasiya galimoto ya m'ma 1970, ndipo iwo ankafuna kuti mwana wawo Ruth akwere yomweyo pa ukwati wake. Injini amakaniko anaidzutsa. Koma matabwa anayi okongoletsa m'kati mwa zitseko anali atapindika ndi chinyezi ndi kutentha, moti zitseko zinkakana kutseka.

"Akuti nditaye, ndiikemo pulayiwudi," anatero mayiwo. "Chonsecho bambo ake a Ruth ankawapukuta okha Lamlungu lililonse."

"Ndipatseni ine, mayi," anatero Onani. "Ndapinda matabwa a maboti zaka khumi. Kuwongola sikungandikanike."

Kunatsala milungu isanu kuti ukwati uchitike. Onani anadziwa kuti akalephera apa, adzakalambira pa machubu ana ake akukulira kutali. Mantha amenewo anamuthamangitsa. Anathira thabwa loyamba madzi otentha, n'kulitsamiza ndi chimwala. Linang'aluka pakati.

Sanathawe. Anapalasa njinga mpaka ku Golomoti, n'kuliika patebulo.

Mayi Josephine analiyang'ana nthawi yaitali. "Atsala atatu. Muwaphanso?"

"Ayi, mayi. Ndinalikakamiza. Lapindika zaka zambirimbiri, ine ndimafuna liwongoke tsiku limodzi."

Anamulola apitirize, koma nkhope ili gwa.

Apa Onani anakumbukira mmene ankachitira kunyanja. M'mawa uliwonse ankayala chiguduli chonyowa ndi madzi ofunda kumbali yolowa m'kati ya thabwa lililonse. Pamwamba ankaikapo thumba la mchenga wotentha ndi dzuwa, ndipo tsiku lililonse ankawonjezera mchenga wodzaza kapu imodzi yokha. Masana ankawasunthira pamthunzi. Akabaza ankamuseka kuti walera matabwa ngati makanda. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa mlungu wachinayi atatu aja anagona tambalala. Long'aluka lija analimata ndi guluu wosakaniza ndi utuchi wake womwe, n'kupaka onse vanishi.

Pa tsiku la ukwati zitseko zonse zinatseka ndi dzanja limodzi. Mayi Josephine anasisita pamene panang'aluka paja, misozi ikulengeza. Mlendo wina wa ku Lilongwe, wosunga galimoto zakale, anafunsa dzina la mmisiri, ndipo kuchokera apo ntchito za matabwa zinayamba kumupeza Onani.

Lero Onani ali ndi shedi yake pa Mtakataka. Chaka chatha apongozi aja anatumiza uthenga woti chitseko chawo chapindika. Anapita, anachiwongola mosathamanga, ndipo pobwerera Zione ndi ana anali pambuyo pake.

Inu amene moyo wanu wapindika, mwina munayesapo kuuwongola ndi chimwala n'kung'aluka. Atatu atsalawo akukudikirani. Osataya mtima, ingowonjezerani kapu imodzi mawa.