Kampani Izakonza

A tcheyamani a komiti ya makolo pasukulu ina ya ku Kamushanga amabwera kumsonkhano atavala chisoti cholimba cha mumgodi chomwe kampani inawapatsa, chikhalirecho mgodiwo unatsekedwa kale. Anazolowera masiku aja kampani ya mgodiwo inkawasinthira ngakhale babu wa m'nyumba. Zenera lisweke, mpope uume, yankho lawo n'limodzi: "Kampani izakonza." Mayi Dainess, ahedi a sukuluyi, akangomva mawuwa mtima umawira.

Tsiku lina lamvula, pamsonkhano m'kalasi yodontha, ahediwo anafotokozera makolo uthenga wochokera ku ofesi ya maphunziro: denga lodonthali alikonze okha. A tcheyamani anaimirira, madzi akugunda pachisoti, tho! tho!

"Osadandaula, kampani izakonza."

"Kampani iti, ba Tcheyamani?" anakalipa Mayi Dainess. "Ija inagulitsidwa na geti yomwe? Ana akulemba mayeso atafunda masaka!"

Bambowo anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Kenako anavula chisoti chija, chomwe savula ngakhale pamaliro, n'kuchitchera chagada podonthapo.

"Mwaona, ba Hedi?" anatero, mvula ikuwamenya padazi. "Yayamba kukonza."