Buku lomwe tinkaphulirapo poto

Buku lija ndikadali nalo. Chikuto chake ndi chabuluu, ndipo pakati pali bala lozungulira lakupsa, chifukwa nyengo yonse yozizira ija tinkaphulirapo poto. Ndi buku la malangizo a kalavani, kanyumba ka matayala, imene tinkakhalamo ku Skerries, tauni ya m'mbali mwa nyanja kuno kudziko la azungu, ndili mtsikana wamng'ono. Amene anadzandiuza za ngozi ya m'kalavanimo anali amalume, omwenso anatipezera malowo.

Titatuluka mu hositelo ya anthu opempha kukhala m'dziko muno, nyumba inasowa. Amalume ankagwira ntchito yoyeretsa m'ndege, ndipo mnzawo wa ku Swords anawauza za kalavani yakale yoimikidwa kuseri kwa munda wa kabichi. Tinalowamo atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga, kamnyamata kamene kanali katangoyamba kuyenda. Amayi anagwada pakhomo pomwepo n'kuthokoza. Tinali ndi chitseko chathuchathu, ndi sitovu yoti tiphike nthawi imene tafuna.

Bukulo tinalipeza m'kabati ya pansi pa sinki. Amayi sankawerenga Chingerezi, changa chinali chongoperekera moni. Amalume analitsegula pang'ono, n'kuseka.

"Izi ndi za azungu opita ku holide, achemwali. Gasi mumadziwa kuyatsa, basi."

Kenako kunayamba kuzizira. Mphepo yochokera kunyanja inkagwedeza kalavani yonse, makapu n'kumalira m'kabati. Inkalowera pa timabowo totchinga ndi tiwaya, tina pansi pa chitseko, tina pafupi ndi hita ya gasi, tina kudenga. Amayi ankatiyang'ana timabowoto n'kupukusa mutu. "Anthu a kuno nyumba amaiboola dala?" Kwathu ku Dedza, Juni akafika, mng'alu uliwonse umatsekedwa ndi nsanza, ndipo mayi wosatero amatchedwa waulesi. Anang'amba chitenje chakale, anasonkhanitsa majumbo ndi masokosi opanda anzake, natseka paliponse. Munafunda. Mawindo ankachucha madzi, ndipo malawi a hita anasiya kuoneka abuluu, anakhala achikasu ngati a kandulo. Ine ndinkawaona okongola.

Mitu inayamba kutipweteka. Wanga unkasiya ndikafika kusukulu, amayi n'kumati sukulu yandiyanja. Aphunzitsi anandifunsapo chifukwa chimene ndinkafikira maso olemera. Mlongo wanga, amene ankaswera m'katimo ndi amayi, ankasanza n'kumagona masana onse. Amayi anapita naye kwa dokotala pa sitima, koma pofika anali akusewera ndi nsapato zake, ndipo anabwerera atauzidwa kuti ndi chimfine.

Loweruka lililonse azimayi a kutchalitchi ankabwera kuchokera ku Ballymun kudzatipempherera. Sankakwana m'katimo, choncho chitseko chinkakhala chotsegula, ena akuimbira panja atafunda majekete. Akamamaliza, mitu inali itapepuka ndipo mwana ankapempha chakudya. Sindinganene kuti mapemphero aja sanamveke. Mulungu ankatitsegulira chitseko sabata iliyonse. Alendowo akapita, ife tinkatsekanso, n'kukankhira nsanza pansi pake.

Tsiku la ngoziyo ndinali m'kalasi, cha m'mawa ndithu, pamene ndinaona jekete yachikasu ya amalume pa galasi la chitseko. Aphunzitsi anatuluka, kenako anandikodola.

"Tenga chikwama, tiye," amalume anatero. "Amayi ako ali moyo."

M'galimoto anafotokoza kuti anadutsa kukasiya silinda ya gasi, anagogoda osayankhidwa, ndiye anathyola loko. Anawapeza amayi ali pansi pafupi ndi sinki, mwana ali pabedi. Anawakokera panja pa udzu wonyowa n'kuimbira ambulansi. Kuchipatala anati ndi mpweya woipa wochokera mu hita, wosanunkha ndiponso wosaoneka. Ndinakhala pa benchi miyendo ikulendewera, manesi akudutsa mothamanga, ndilibe chilichonse choti ndichite.

Mawa lake tinapita ndi amalume kukatenga zovala. Ozimitsa moto amene anabwera kudzayendera kalavaniyo anali atasiya buku lija patebulo, lili chotsegula. Pa tsambalo panali chithunzi cha timabowo tomwe tija, dzanja likutsekapo nsalu, ndi mtanda waukulu wofiira pamwamba pake. Sipankafunika Chingerezi. Amalume anayang'ana nthawi yaitali, kenako anagwada n'kuyamba kusolola zidutswa za chitenje chimodzichimodzi.

Amayi anachira. Mlongo wanga anadzuka patapita masiku, koma sanabwerere yense. Lero ndi bambo wandevu, mawu ake ndi owerengeka, ndipo amayi ndi amene amamusambitsa mu fulati yawo ku Ballymun, ngakhale msana wawatha. Ndimathokoza kuti tili naye. Akandiona amaseka mpaka kugwetsa supuni. Kwanga kuno, chinthu chikalowa m'nyumba, kaya ndi ketulo, mwana wanga wamkazi amandiwerengera buku lake lonse tisanayatse. Amadandaula kuti ndimatopetsa, ine ndimati werenga. Inunso amene mukugona m'makalavani chifukwa nyumba zavuta, funani buku lake, muone ngakhale zithunzi zokha.

Koma tsiku lija losolola nsanza ine ndinakwiya nawo amalume. Mphepo inayamba kulowa pansi pa chitseko, ndipo ndinawagwira dzanja ndikulira, ndikuti asiye, mwana akabwera kuchipatala adzazizidwa. Sindinkamvetsa chifukwa chimene munthu wamkulu ankaonongera ntchito yabwino ya amayi, kapena chifukwa chimene sankandiyang'ana kumaso.

Mukamagwada, muwatchuleko amayi ndi mlongo wangayo. Muwatchulenso amalume, amene mpaka lero akabwera kwathu n'kuona buku lija pashelefu, amakakhala panja.