Galu wa Ababa pa mlatho wa mitengo

Ndinadzuka kusanache, khosi litauma chifukwa chogona chotsamira khoma. Amayi anali chikhalire pamphasa, maso ali gwa. Ababa anali atamwalira dzulo lake madzulo, ndipo tinayenera kuwaika tsiku lomwelo ikatha swala, pemphero la masana. Panja amuna anazungulira chitsa cha moto, ena akuwerenga mapemphero a duwa chapansipansi. Kuseri kwa khitchini Jeki ankalira ali pachingwe.

Jeki anali galu wa Ababa. Kwathu ndife Asilamu, galu salowa m'nyumba, sakhudza chovala chopempherera. Ababa ankazidziwa bwino zimenezo, koma adokotala atawauza kuti aziyenda chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, anatola kagalu n'kumayenda nako m'mbali mwa mtsinje wa Domasi m'mawa uliwonse. Amayi ankadana naye galuyo. Inenso ndisaname, ndinkawaseka kuti munthu wamkulu kumacheza ndi galu ngati alibe ana.

Kutayera, anthu anayamba kufika, ena panjinga, ena atatsika minibasi kumsewu n'kuponda matope mpaka m'mawondo. Mvula inali itagwa usiku wonse. Nkhuni zonyowa zinkangofuka, amayi ophika mpunga akupukuta maso ndi zitenje. Amuna atalowa kukasambitsa thupi, Jeki anadula chingwe ndi mano. Ndinangomva chiphokoso, potuluka n'kumuona ali pakhomo penipeni, mphuno itatsala pang'ono kukhudza nsalu yoyera yokulungira maliro imene munthu wina ananyamula.

Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa Ababa, anatola mpini wa khasu. Sanakuwe. Anandiyang'ana ine n'kunena kuti, "Asiyatu, galu uyu akangoyandikira jeneza yonyamulira maliro, ndimupha pomwepo. Wamva?"

Ndinamva, ndipo ndimawadziwa, salankhula kawiri. Mtima unandiwawa. Mwana wamkazi ndine ndekha, malo anga anali pambali pa Amayi, ndipo ndinadziwa kuti ndikachoka pasiwa anthu andidya miseche mpaka chaka chamawa. Koma kuti galu wa Ababa aphedwe thupi lawo lisanatuluke m'nyumba, ayi ndithu. Ndinamumanga lamba wa chikwama m'khosi n'kutulukira kuseri kwa nthochi. Mayi wina anatsonya mokweza kuti ndimve.

Njira sindinasankhe ine. Jeki anandikoka kutsetserekera kumtsinje, n'kutsata gombe chokwera. Madzi anali ofiira, odzadza mpaka m'mabango. Anaima pa mtengo wa mkuyu, nanenso ndinaima. Anaimanso pamzere wa munda wa mpunga, n'kucheuka kundiyang'ana ngati ndachedwa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti akundiyendetsa ulendo wa Ababa, poima pawo paliponse. Kangati Ababa anandiitana kuti tiyendere limodzi, ine n'kumati ndatopa? Ndinalira poyera, popanda wonditonthoza, phiri la Zomba litabisala m'mitambo.

Tinayenda nthawi yaitali. Pomaliza Jeki anakwera pamwala wina waukulu pafupi ndi mlatho wa mitengo, n'kugona pansi. Ndinakhala pomwepo, ndikuganiza kuti tafika kutali ndi anthu. Uchitsiru wanga! Akazi kwathu sitipita kumanda, ndiye sindinadziwe kuti nkhalango ya tsidya linalo ndi manda athu, ndiponso kuti mtsinje ukadzadza amuna amaolokera pamlatho womwewo.

Ndinayamba kumva mawu a amuna akutamanda Mulungu, akuyandikira. Jeki anaimika makutu. Jeneza inatulukira pakati pa chimanga, yokutidwa ndi nsalu yobiriwira, amuna akusinthana mapewa mofulumira, ashehe ali patsogolo. Pothawira panalibe. Jeki anadumpha, lamba n'kuduka. Ndinamugwera ndi thupi lonse, tonse n'kutsetserekera m'matope, miyendo yanga ili m'madzi. Ndinamukulunga ndi chitenje, ndinamutseka pakamwa ndi manja. Ankanjenjemera, akundikanda pamimba, ine ndikumunong'oneza kuti, "Chonde Jeki, chonde."

Mitengo ya mlatho inali yoterera. Amuna anaoloka pang'onopang'ono, phazi ndi phazi, ndipo galu akanangowalowa m'miyendo, Ababa akanagwera mumtsinje. Bambo aang'ono anali atanyamula ngodya yakumbuyo ya jeneza. Ananditembenukira, anandiona mmene ndinaliri, matope mpaka kumutu, galu pachifuwa. Ndinagwira Jeki mpaka munthu womaliza atalowa m'nkhalango, manja atachita dzanzi.

Madzulo anthu anabalalika. Panatsala miphika yotsukatsuka ndi phulusa lonyowa. Amayi anali atayamba kale eda, miyezi inayi ndi masiku khumi osatuluka pakhomo. Ndinasamba, ndinasintha, ndinalowa ndikuyembekezera kukalipiridwa. Bambo aang'ono anaima pakhomo n'kunena kuti, "Alamu, galu uja mawa asapezeke pano. Watichititsa manyazi okwanira."

Amayi anandifunsa ine, mawu atasasa: "Unali kuti pamene bambo ako amatuluka?"

Ndinawauza zonse, mkuyu, munda wa mpunga, mwala wa pamlatho.

"Pamwalapo manda amaoneka?"

"Amaoneka, Amayi. Galuyo anagona pomwepo ngati pozolowera."

Amayi anati, "Ndiye kuti ankapita kwa Yusufu." Yusufu anali mchimwene wanga, anamwalira ali ndi zaka zinayi ine ndisanabadwe. Ababa sankamutchula n'komwe, ndipo Amayi ankayesa kuti anamuiwala. Amayiwo manda a mwana wawoyo anali asanawaonepo.

Bambo aang'ono anakhosomola, akudikirabe yankho. Amayi anakonza mpango wawo, osawayang'ana.

"Alamu, galuyo musamukhudze. M'nyumba salowa, zimenezo sizisintha. Koma eda yanga ikatha, ndi amene adzandiperekeze pamwalapo. Inu simungandipititse."

Bambo aang'ono anavala nsapato zawo n'kumapita. Ine ndinatenga mpunga wotsala kupita nawo kuseri kwa khitchini. Jeki sanadye. Anagona mutu uli pamiyendo, atayang'ana njira ya kumtsinje.