Chikhadabo cha Pa Thoronka

Pa Thoronka anatiphunzitsa masamu kuno ku Makeni, komwe bambo wamkulu timamutchula Pa, mayi wamkulu Ya, ndipo chimene chinandikhala m'mutu n'chakuti madzi ali ndi khungu. Ankagoneka singano pamadzi m'mbale, osamira. Kenako ankalemba pabolodi: kukoka kwa khungulo uchulukitse ndi utali wa singano, mbali zonse ziwiri, ndipo yankho likaposa kulemera kwake, singano iyandama. "Koma kasopo pang'ono," ankatero, "khungu lafooka, singano pansi."

Atapuma ntchito anavala mkanjo, n'kusunga chikhadabo chachitali, chakuda bii, n'kuyamba kugwira akuba ndi madzi. Singano yako ikamira, ndiwe wakuba. Sopo amabisa m'chikhadabomo, ndipo amene amupangira chiwembu amayesedwa pomaliza, chikhadabocho chitaviikidwa m'madzi. Munthu woti anatitsegula maso, lero akudyera umbuli wa anthu!

Ndolo za Ya Digba, apongozi a mng'ono wanga Yeabu, zitasowa, anaitanitsa mkuluyu. Dera lonse linkadziwa kuti nkhani si ndolo ayi. Yeabu sanabereke, ndiye ankafuna pomuchotsera. Singano yake ikanamira, banja likanathera pomwepo.

"Iwe Sallay, m'malo mondituzulira maso, katunge madzi," Ya Digba anandituma. Ndinakatunga, koma nditapaka kasopo pansi pa beseni.

"Yambani ine, Pa, anthu aone mtima woyera," anatero mayiwo atatukula chifuwa.

Pa Thoronka anang'ung'udza timawu tawo, n'kugoneka singano mosamala. Inamira. Anayesa ina, imvekere pansi. Singano ya mwana wawo Santigie, mwamuna wa Yeabu, chimodzimodzi.

"Aa, Ya Digba, mwadzibera nokha?" anafuula mayi wina wogulitsa mafuta. "Ndiye mwanayunso mwamuphunzitsa?"

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Madziwa ndi oipa!" anakalipa Pa Thoronka.

"Aphunzitsi, si inu mumati madzi sanama?" ndinafunsa. "Tayesani yanu tione."

Sanayese. Anakhuthula beseni, n'kunena kuti mizimu yatopa. Yeabu sanayesedwe n'komwe, ndipo mpaka lero ali pabanja pake, akuphikira mpunga ndi chigwada anthu omwe ankafuna kumumiza.

Ndikutuluka pageti, dzanja linandigwira mkono, chikhadabo chija chikundikanda. Ndimati anditukwana, koma ayi, nkhope inali mwee ngati kholo la mwana wopambana mayeso.

"Sallay, unkakhala benchi yakumbuyo, koma unkamva," anandinong'oneza. "Mwa ana onse amene ndinaphunzitsa, wakumbukira ndiwe wekha. Maso anga akufooka, mwanawe. Bwera tizigwira limodzi ntchitoyi, sugona ndi njala."

Moyo wanga wonse wa kusukulu ndinkalakalaka atandiyamikirako tsiku limodzi. Nditafika kunyumba ndinakhula mkonowo ndi sopo mpaka unayamba kuwawa.